Lunguzi wa Agogo Nino

Anthu akandifunsa chimene chinandibweza ku Glasgow ndimangoti kuzizira. Amaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma kunena zoona kuzizira ndinali nditakuzolowera kalekale. Chinandibweza ine ndi chitsamba chaminga chodzalidwa mumphika, ndi mwana wa kwathu konkuno ku Thondwe amene ndinkafunda naye bulangeti limodzi.

Ntchito yanga inali yosamalira okalamba m'makomo mwawo: kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwaveka, kuwapatsa mankhwala. Kampani imene inandilemba ndi imenenso inagwira mapepala anga okhalira m'dzikomo. Ikakutaya, mapepala nawo agwa, uzilongedza. Ndiye pa ntchito imeneyo chuma chako ndi dzina basi. Akangoti manja a uje ndi aukali kwa nkhalamba, watha, palibenso khomo lina lingakutsekulire. Ine dzina langa linali loyera mbee zaka zonsezo, ndipo sindichita manyazi kudzitama. Nkhalamba zina zinkachita kukana kusamba mpaka nditafika ine.

Ndinkakhala ku Easterhouse, kumapeto kwenikweni kwa tauni, m'kachipinda koti ukatambasula manja ukhudza makoma onse awiri. Tsiku linkathera m'mabasi. Kutsika apa, kuthamanga, kusambitsa munthu, kuthamangiranso basi ina, mvula ili pamsana. Mvula ya kumeneko si yathu ino yogwa n'kusiya ayi, imangonyenyeta tsiku lonse ngati mwana wofuna bere.

Felesiya anabwera nditakhalako kale zaka zingapo. Mayi ake tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi kuno kumudzi, ndipo anandiimbira foni okha. "Mai a Yankho, mwanayo akafika ndi wanu. Mumumenye akalakwa." Ndinakamuchingamira ku bwalo la ndege. Ndinamupeza atavala kajuzi kopyapyala, mano akuombana, ndipo ndinavula jekete langa lofiira pomwepo n'kumuveka. Anagona pa bedi langa miyezi yambiri, iye kukhoma ine kumapeto. Ndinamuphunzitsa kukwera basi, kunyamula munthu ndi makina osamupweteka msana, kugogoda ngakhale uli ndi kiyi m'manja. Kwa manijala ndinakamulankhulira ndine, kuti amuike pa shifiti imodzi ndi ine. Ankanditcha asisi, ndipo ndinkayankha ndi mtima wonse.

Pa makomo onse amene tinkayenda awiri, ine ndinkakonda la ku Shawlands, kwa agogo Nino. Anali bambo wamkulu ndithu, wamasiye, wobadwira pa chilumba china cha m'nyanja ya Mediterranean. Anabwera ku Glasgow ali wachinyamata, n'kukalamba akuyala matailosi m'nyumba za anthu. Miyendo inali itafooka, n'chifukwa chake pankafunika anthu awiri. Mutu nawo unkabwera n'kumapita: lero akufotokozerani bwinobwino, mawa akufunsa ngati mbuzi zamwa madzi. Ine ankanditcha Mama, ine n'kumawatcha agogo, mpaka anazolowera kuvomera.

Nyumba yawo inali yapansi, ndipo kuseri kunali kabwalo kozunguliridwa ndi khoma. Pakhoma pomwepo, pomwe dzuwa limafika likakumbuka kutuluka, panali mphika waukulu ngati theka la mgolo, pamwamba atatchinga ndi galasi. Mmenemo ndi mmene munali chitsambacho. Masamba ang'onoang'ono, nthambi zolimba gwa, minga yaitali ngati chala changa ichi. Miyezi yambiri chinkangooneka ngati nkhuni. Koma chisanu chikayamba kutha, aaa inu, chinkachita maluwa achikasu thupi lonse, mpaka minga kubisika.

Njere zake anabwera nazo malemu akazi awo m'kampango. Agogo ankati kwawo chitsamba chimenechi chimakuta mapiri ouma onse, komwe kulibe mtengo woti n'kuusapo. Ankati dzuwa likatentha makoko ake amaphulika, thetheku thetheku, phiri lonse. Ankatchingira nacho makola, ankakolezera nacho moto wophikira buledi, ndipo pobwera koweta mbuzi miyendo inkakhala magazi okhaokha. Dzina lake m'chilankhulo chawo anandiuza kambirimbiri koma lilime langa linakana. Ndinawauza kuti kwathu tili ndi lunguzi, waminga chomwecho, wamaluwa achikasu chomwecho, wotchingira dimba. Anaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira tsiku limenelo tikangolowa ankaloza pawindo n'kuti, "Mama, lunguzi!"

Mwana wawo, mayi Rosa, ankakhala ku Hillhead ndipo ankabwera Loweruka. Iwo chitsambacho sankachiwerengera. "Bambo, zimenezi zadzaza m'mapiri onse a kuno," ankatero. Agogo ankamenya patebulo. "Si chimodzimodzi! Za kuno n'zonenepa ndi mvula." Mayi Rosa ndi amene anaika lamulo loti bambo awo asamatuluke kuseri, chifukwa masitepe ake atatu anali oterera ndipo anagwapo kamodzi. Lamulolo linalembedwa m'buku la pakhomopo, buku lomwe tinkalembamo zonse zochitika pa shifiti. Kiyi wa chitseko chakuseri ankakhala pamwamba pa fuliji.

Tsiku lina kunacha bwino modabwitsa, dzuwa phwee. Tinawapeza agogo ali kale pawindo, mutu uli bwinobwino. Titawasambitsa anandigwira dzanja.

"Mama, nthambi zouma zija zikupha lunguzi wanga. Nditulutseni ndikazichotse."

"Agogo, mukudziwa lamulo la mwana wanu."

"Mwana wanga ndinamubereka ndine. Chaka chamawa sindidzaona maluwa amenewa, ndikudziwa thupi langa."

Ndinakana kawiri. Kachitatu anangoyang'ana panja. Ndi Felesiya amene anaimirira ndi zala n'kutsitsa kiyi pa fuliji.

"Asisi, munthu wamkulu akupempha chonchi ife tili duu? Kanthawi kochepa chabe. Adziwa ndani?"

Sindinama, mtima wanga unali utavomera kale. Kwathu kuno nkhalamba ikati ndikufuna ndikaone munda wanga, mumaikweza panjinga n'kupita nayo, simuifunsa kuti dokotala wati chiyani. Tinawagwira uku ndi uku, sitepe imodzi imodzi, mpaka pamphika paja.

Ndinawapatsa magolovesi, anawataya pansi. Anati ndi magolovesi sungamve nthambi yamoyo ndi yakufa. Anapisa manja onse awiri m'minga muja ngati akupisa m'thumba la ufa, n'kumathyola zouma, theku, theku, uku akuimba nyimbo ya kwawo ndi mawu osasa. Njuchi zili ng'ung'ung'u. Zaka zonse zimene ndinawadziwa sindinawaonepo nkhope itawala choncho. Felesiya anawasiya kumbali kwake, n'kutulutsa foni kuyamba kujambula kanema, akuseka. "Agogo, yang'anani kuno! Asisi, mwetulirani!"

Ndi nthawi imeneyo pamene phazi lawo linaterera pa ndere. Ndinangoona thupi lonse likupendekera kutsogolo, nkhope ikupita m'minga. Kumbali kwa Felesiya kunalibe munthu. Ndinawagwira mkono pamwamba pa chigongono ndi mphamvu zanga zonse n'kuwakokera pachifuwa panga. Tinaima chomwecho, kenako iwo anayamba kuseka. Akanagwa, maso aja akanatsala pa minga.

Titalowa ndinatsuka mikwingwirima ya m'manja, tizilonda tating'ono ngati wakandidwa ndi mphaka, n'kupakapo mafuta. Ankanjenjemera ndi mphepo, ndiye ndinawaveka malaya a manja aatali. Kenako ndinatenga cholembera ndi buku lija.

Felesiya anagwada. Kugwada kwenikweni, mawondo onse awiri, pa simenti ya m'khitchini mwa mzungu.

"Asisi, chonde musalembe. Miyezi yanga yoyesedwa sinathe. Akamva kuti ndinatenga kiyi, ndinagwira foni pa ntchito, andichotsa lero lomwe. Ndikawauza chiyani amayi?"

Ndinayang'ana mikwingwirima ija. Ine wokulira m'madimba a lunguzi, zimene zija zinali zilonda? Ndinayang'ananso mwana wa mnzanga ali pansi, misozi mbwee. Mwana wa kwanu sumuika m'buku la azungu, mumakakambirana kunyumba. Ndinalemba kuti agogo adya bwino, asamba, ali osangalala. Chimene ndinaiwala, ine amene ndinkawapatsa ndi dzanja langa m'mawa uliwonse, ndi kapilisi kochepetsa kuundana kwa magazi. Munthu womwa kameneko ukangomufinya pang'ono khungu limada.

Patapita masiku awiri anandiitana ku ofesi. Ndinapeza manijala ndi mayi wina wa boma woona za nkhanza kwa okalamba. Anandikankhira zithunzi patebulo. Mayo ine! Mkono wa agogo wakuda bii kuchokera paphewa mpaka pachigongono, ndipo pakati pa kudako zala zinayi uku, chala chachikulu uku, zooneka ngati wachita kudinda. Mayi Rosa ndi amene anawavula malaya aja Loweruka n'kukuwa.

"Zala izi n'zandani?"

"N'zanga," ndinatero.

Ndinafotokoza zonse osasiyako kanthu, kuyambira pa kiyi mpaka pa ndere. Polankhula ndinayang'ana pansi, manja pamiyendo, monga anandilerera makolo anga pamaso pa akuluakulu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti nazonso anazilemba, ati ndinkazemba maso. Anandifunsa chifukwa chake m'buku mulibe kanthu. Anandifunsa chifukwa chake ndinawaveka malaya a manja aatali. Funso lililonse linkandigwetsera m'dzenje. Koma mtima unali m'malo, chifukwa ndinali ndi mboni.

"Mnzanga analipo," ndinatero. "Ali ndi kanema m'foni. Muona agogo akuimba, muona akuterera, muona ndikuwagwira."

Agogo anawafunsa, inde. Tsiku limenelo mutu unali kutali, anangowauza kuti mbuzi imodzi sinabwere. Felesiya anamuitana payekha mawa lake. Madzulo a tsiku lomwelo manijala anandiwerengera zimene mwanayo ananena n'kusainira. Ati iye anali kukhitchini akutsuka mbale. Ati anamva agogo akukuwa kuchipinda komwe kunali ine. Za kutuluka panja sakuzidziwa. Kanema alibe, pa ntchito sagwira foni.

Ndinapempha kuti awerengenso. Anawerenganso.

Felesiya ndinamupeza ku Easterhouse dzuwa likanalipo, akulongedza m'chikwama. Anali atapeza kale malo kwa anzake ena.

"Felesiya, ndiyang'ane."

Sanadzutse mutu.

"Kanema uja ali kuti?"

Anandionetsa foni. Munali zithunzi za kutchalitchi, za nsapato, za chipale chofewa. Za tsiku lija munalibe ngakhale chimodzi.

"Asisi, mundimvetse. Ndikanena tipita tonse awiri. Chipindulitsa ndani? Inu mwakhalako zaka, mwamanga kwanu, Yankho wakula. Ine ndangofika kumene."

"Ndiye wati unamva akukuwa? Kukhala chete sikunakukwanire? Unachita kuwonjezera kuti anakuwa?"

"Anandipanikiza ndi mafunso, asisi. Zinangotuluka."

Asa! Zinangotuluka! Magazi anandikwera mpaka m'maso. Ndinakhala pa bedi n'kukhalira manja anga onse awiri, chifukwa ndinadziwa kuti ndikangomukhudza ndiye kuti ndawapatsa umboni umene akufuna. Ndinamutukwana ndi pakamwa pokha, ndipo mawu amene ndinanena tsiku limenelo sindingawabwereze. Iye anatseka zipi, n'kuchotsa jekete lofiira lija pa msomali, n'kutuluka nalo.

Nkhaniyo ndinapita nayo kwa mkulu wa mpingo wathu wa Amalawi kumeneko, bambo Mbewe. Ndinkati monga kwathu, atikhazika pansi awiri, wolakwa avomere. Tinakambirana Lamulungu titaweruka, anthu akumwa tiyi. Kamtsikana kawo kanabwera kudzafuna kiyi wa galimoto, iwo akukalankhula Chichewa iko n'kumayankha Chingerezi chothamanga cha ku Glasgow chija. Atakathamangitsa anandimvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu.

"Mai a Yankho, ndakumvani, ndipo ndikukhulupirira kuti simunamenye munthu. Koma taganizani. Pa kampani ija pali ana athu ambiri. Zikamveka kuti Amalawi awiri anagwirizana kubisa nkhani, ena onsewo aziwayang'ana bwanji? Pakali pano ndi vuto la munthu mmodzi."

"Munthu mmodziyo ndi ine, abambo."

"Mulungu amaona. Mukhululukireni mwanayo, ndi wamng'ono."

Ndinacheuka. Mwana wamng'onoyo anali pakati pa akwaya, akuseka, atavala jekete langa. Kapu ya tiyi ndinaisiya pa windo yosamwa, ndipo tchalitchi chimenecho sindinapondemonso.

Kalata yondichotsa ntchito inabwera: kugwira wokalamba mwankhanza, kubisa zovulala. Anandipatsa masiku owerengeka oti ndipeze kampani ina yonditenga, apo ayi ndizipita. Ndinayenda inu. Ndinalemba mafomu mpaka chala kuchita chithuza. Kulikonse ankamwetulira, ankati anthu odziwa ntchito ngati ine akusowa, kenako ankapempha kalata yochokera komwe ndinkagwira. Akaiona, foni sinkaliranso.

Kutatsala masiku atatu kuti ndinyamuke ndinakwera sitima kupita ku Shawlands. Anali atandiletsa kufika pakhomopo, ndiye ndinadzera kanjira kakuseri komwe amaika mabini, n'kusuzumira pakhoma. Mphika unalipo, koma wopanda kanthu. Chitsamba chonse anachidula tizidutswa n'kuchipanikiza m'bini, maluwa atafota, minga ikutulukira pa chivundikiro. Ndinaima pamenepo n'kudzifunsa. Ngati palibe amene anatuluka panja, ngati mikwingwirima ija inali ya zikhadabo zanga, chitsambacho chinalakwa chiyani? Ndiye kuti mayi Rosa anadziwa. Anadziwa kuti ndanena zoona, koma sananyamule foni kuti akonze mawu awo.

Agogo anali pawindo pawo paja, akuyang'ana khoma lopanda kanthu. Anandiona kapena ayi, kaya. Dzanja sindinakweze, ndinaopa kuti nalonso alilemba.

Ku Thondwe anandilandira bwino masiku awiri oyamba. Nyumba ya malata imene ndinkangoiona pa foni ndinaigona. Mwana wanga Yankho ndinamupeza ali mtsikana wamkulu, wondipatsa moni wa alendo. Tsiku lachitatu ndinapita kumsika, ndipo ndinaona azimayi a pa tomato akusiya nkhani nditayandikira. Mayi a Felesiya anachita kuwoloka msewu kudzandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Takulandirani, Mai a Yankho. Tinamva zonse. Musadandaule, kutopa kumachititsa zinthu. Nkhalamba zimatopetsa."

Nkhani inali itafika ine ndisanakwere ndege. Ndinafotokozera achimwene anga, ndinafotokozera mng'ono wanga Esime, za kiyi, za kanema, za ndere. Ankangoti, "Eya, eya, zimachitika." Achimwene anafunsa funso limodzi lokha: "Nanga azunguwo angalembe kalata popanda chifukwa?"

Amayi anga ndinawapeza atafa mbali imodzi. Anagwa ine ndili kunja, ndipo amene ankawasamalira ndi Esime. Amayesetsa mwana uja, sindimunyoza, koma ntchitoyi saidziwa. Ankawadzutsa powakoka dzanja lakufalo. Ankawasiya chogona mbali imodzi tsiku lonse, moti pamsana panali patayamba chilonda. Nditachiona ndinati, apa pokha Mulungu wandibweza ndi cholinga. Manja awa atembenuza azungu osawerengeka popanda ngakhale mmodzi kutuluka chilonda, alephera bwanji pa mayi wondibereka?

M'mawa mwake ndinatenthetsa madzi, ndinawayesa ndi chigongono, ndinatenga sopo ndi kansalu kofewa. Ndikulowa kuchipinda ndi beseni, Esime anatulukira kuchokera kuseri, manja ali ndi thovu, n'kuima pakhomo.

"Asisi, siyani. Ndiwasambitsa ndekha."

"Iwe uli ndi zochapa. Pita, ine ndi ntchito yanga imeneyi."

Anayang'ana kumbali. "Achimwene anati musamatsale nawo nokha."

Ndinaseka, chifukwa ndinkadziwa chimene chibwere. Amayi anga pakamwa sipanafe nawo ayi, ndipo moyo wawo wonse sanalolepo munthu kunyoza mwana wawo iwo akumva. Ndinasuzumira pa phewa la Esime.

"Amayi, mukumva zimene akunena anawa?"

Anali atamva. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anayang'ana manja anga. Ndi dzanja lawo lamoyo lija anakoka chitenje pang'onopang'ono n'kufunditsa mkono wawo.

"Esime wazolowera, mwanawe," anatero. "Iwe kapume."

Ndinaika beseni pansi bwinobwino, osataya ngakhale dontho. Mpaka lero ndi mmene tikuchitira. Ndimatunga madzi, ndimawatenthetsa, ndimakawasiya pakhomo. Mkati sindilowa.